Khansala Amene Anasamutsa Khwawa

Mwambi uwu, ana inu, sunayambire kuno. Unayambira ku Mangalande, m'boma lina lakumudzi lotchedwa Saltmere, dziko lathyathyathya ngati mphasa. Kale lonselo linali dambo. Makolo awo anakumba ngalande n'kuika mapampu, madzi n'kuphwa, anthu n'kuyamba kulima mbatatesi.

M'bomamo munali midzi iwiri yosamwerana madzi, Oddle ndi Wexby. Khansala wa Oddle anali a Cuthbert Pell, nkhalamba youma mutu yomwe inakhala pampando zaka makumi atatu. Akazi awo, mayi Maud, anali atamwalira, ndipo pambali pa manda awo a Pell anasungitsa malo awoawo.

Chaka china boma linalemba malire atsopano. Linati malire a midzi iwiriyi akhale khwawa lakale louma lomwe linkadutsa kuseri kwa tchalitchi. Manda onse anagwera ku Wexby. Tsono kumeneko lamulo lake n'lakuti munthu amaikidwa m'manda a mudzi umene akukhala. A Pell atamva, chakudya chinawakanika.

"Ndiye kuti Maud wakhala wa ku Wexby?" anafunsa pamsonkhano wa khonsolo. "Zaka makumi anayi tagona nyumba imodzi, lero atilekanitse ndi cholembera?"

Anthu anawamvera chisoni, koma nzeru imene anabwera nayo ndi imene inaononga zinthu.

"Pepala likuti malire ndi khwawa," anatero. "Silikunena kuti khwawalo likhale pati. Tilikwirire, tikumbe lina kuseri kwa manda."

Mayi Agnes Crowle, amene ankayang'anira mapampu a m'mudzimo, anaimirira.

"A Pell, khwawa limenelo ndi louma, inde, koma si lakufa. Agogo anga analiona litadzaza mpaka m'khosi. Bwanji mungopita ku Wexby mukapemphe? Sangakukanizeni malo pambali pa akazi anu."

"Ine kukagwada ku Wexby? Bola ndikwiriridwe pamsewu."

Anavota. Asanu anavomera kuti kuyambira tsiku limenelo madzi azidutsa njira yatsopano, awiri anakana. Mlembi analemba bwinobwino, a Pell n'kusaina. Vuto linali limodzi lokha: madziwo pamsonkhanopo panalibe.

Mathirakitala anagwira ntchito sabata zitatu. Khwawa lakale analikwirira n'kudzalapo kapinga. Latsopano linali lowongoka ngati chingwe, ndipo a Pell anaikapo chikwangwani cha dzina lake. Madzulo ake anapita pamanda ndi maluwa.

"Wabwerera kwanu, Maud," ananong'ona. "Undidikire."

Zaka ziwiri zinadutsa bwino, ndipo a Pell akakumana ndi mayi Crowle ankawafunsa moseka ngati agogo aja atumizako uthenga.

Chaka chachitatu mvula inagwa masiku khumi ndi limodzi osalekeza. Mapampu analira mpaka kutopa. Madzi anatsika kuchokera kumtunda, n'kufika kuseri kwa tchalitchi pomwe ankadutsa kale. Atapeza potseka sanafunse njira. Anakumba pomwepo, ena n'kukhuthukira m'manda. M'khwawa la a Pell munali timadzi tofika m'kakolo, abakha akuyendamo ndi miyendo.

Madzi ataphwa, a Pell anapita atavala majombo. Anapeza matope okhaokha. Miyala ya pamanda inali itazuka n'kuunjikana kumpanda, mitumbira yonse itasalala. Mwala wa Maud anaupeza uli chafufumimba pakati pa inzake, koma pamene unachoka panalibe wodziwa.

Anayenda uku ndi uku, akuwerenga mapazi kuchokera pamtengo umene sunalinso pamalo pake. Kenako anaima, chipewa chili m'manja. Ndikuuzeni, ana inu, ngakhale a ku Wexby amene anabwera kudzaseka anabwerera osaseka.

"Mayi Crowle," anatero a Pell, "Maud ali pati?"

"Sindikudziwa, a Pell."

"Komatu tinavota."

Mayiwo anayang'ana khwawa lakale, lomwe tsopano linali lakuya kuposa kale, manda ali tsidya la Wexby monga pepala linanenera. Anaigwira mkono nkhalambayo kuti isaterereke, misozi ili m'maso, n'kunena kuti:

"Madzi saiwala khwawa."