Kathanki ka oyilo pa pikapu ya achimwene

Lolemba
Pikapu ya malemu achimwene ili m'manja mwanga tsopano. Matola a ku Namitambo ndiwo akudyetsa alamu ndi ana. Koma m'mawa ndikailiza ikumachita kokokoko, mtima wanga n'kumapweteka. A Tebulo, makanika wa pamsika, akuti: "Injini imadyeka poliza, oyilo akadali pansi. Ku maiko akunja amaika kathanki kokankhira oyilo m'mwamba usanalize." Ndipanga kanga!

Lachiwiri
Zapezeka:
botolo lachitsulo lozimitsira moto, lopanda kanthu
paipi
kampopi ka pamgolo
pampu ya njinga
mphira zomangira, zambiri
Alamu ali pakhonde, akungondiyang'ana. "Achimwene anu ankangoliza n'kumapita." Akazi sadziwa za injini.

Lachitatu
Kathanki kalowa! Dongosolo lake: kupopa mpweya, kutsegula kampopi, kenako kuliza. Anthu akudikira padzuwa ine ndikupopa. Mayi wina wa nkhuku: "Adalaivala, matayala ali pansitu!" Onse akutsika, akukwera ya mnzanga.

Lachinayi
Pa siteji ya Mbombwe ndikutsegula boneti kuti anthu aone nzeru. Paipi yafwamphuka. Oyilo psii! Kumaso kwanga, ndi pa mabulauzi oyera a amayi a kutchalitchi. Palibe wanditukwana. Angondipempherera, ndipo zimenezo ndiye zowawa. Ndikuwonjezera mphira.

Lachisanu
Yalira mosalala! Kokokoko palibe. Ndakhala m'galimoto ndekha, chitseko chotseka, misozi ikungotsika. Achimwene, mukanamva.

Loweruka
Mphira ndi moto wa injini sizigwirizana. Palibe anandiuza. Kagetsi kofiira kochenjeza za oyilo kanafa kalekale. Pachitunda galimoto ikulemera, ikununkha, yazima. Kucheuka, mzere wakuda mumsewu mpaka kumene maso alekezera. A Tebulo afika pa njinga, ayesa kuzunguza injini ndi sipanala. Siikusuntha. "Yagwirana. Ine ndinati kunja, sindinati kwathu kuno."

Lamulungu
Amuna a m'mudzi aikankha mpaka pakhomo, taika miyala kumatayala. Kutchalitchi sindikupita, manyazi. Achimwene anaiyendetsa zaka zonsezi osaiteteza, ine ndaiteteza sabata imodzi.
Alamu atulutsa lichero ndi dengu, mawa ayamba kugulitsa tomato pamsewu. Ndikudikira kuti andikalipire. Ayi. Angoti:
"Alamu, makiyiwo ndipatseni. Ndikawaike m'sutikesi muli malaya a achimwene anu."
Ndawapatsa.