Akaunti ya Tiyese

Lolemba

Ndayamba ntchito yaikulu: kutsegulira Tiyese akaunti ku banki. Mwana wathu ali ku koleji ya aphunzitsi ku Kasama, uno ndi mwezi wachinayi. Ndalama timatumiza ndi kondakitala wa basi, ndipo ulendo watha zinayenda masabata awiri m'thumba mwake. Zimenezo zithe.

Nthawi ndili nayo yambiri. Kufakitale anatichotsa ntchito miyezi iwiri yapitayo, ati kampani ikudikira oigula. Zaka zonse zija ndinkasunga makiyi a sitolo ya zipangizo. Lero ndisunga nkhuku. Tiyese sadziwa. Ndinauza amake kuti tisamuuze kufikira atalemba mayeso. Nayenso salemba makalata, chipitire tinalandira imodzi chabe.

Ndagula failo yobiriwira. Patsamba loyamba ndalemba kuti banki yabwino ikhale:
- yapafupi ndi koleji
- yosadula kanthu mwezi ndi mwezi
- yokhala ndi mlonda wamkulu thupi
- yosagwa, poti mabanki a masiku ano akumera ngati bowa, kufotanso chimodzimodzi

Amake Tiyese akupala nsomba za ku Chanyanya pakhonde. Ati, "Failo mwagula, manje zoikamo zili kuti?" Munthu wa pamaliketi sangamve za dongosolo.

Lachiwiri

Tayi, jekete, nsapato zopolisha. Nkhuku zikundiyang'ana modabwa.

Ndili ku banki yakale ya m'tauni muno. Mzere wafika panja, ambiri ndi anzanga a kufakitale. Tikupatsana moni ngati tili pageti m'mawa. Pawindo pali Mutinta, amene ankaphunzira kalasi imodzi ndi Tiyese. Akundilandira ndi manja awiri, akundipatsa fomu. Zofunika: zithunzi ziwiri za mwana, kalata ya ku koleji, siginecha yake pansi. Zosavuta.

Panjira ndikuwerenga fomu. Pakati pali funso: kholo ligwira ntchito yanji, ndipo kuti? Malo oyankhira ndi aatali, oyera.

Fomu iyi iyenera kupita ku Kasama kuti Tiyese asaine. Iye sasaina chinthu asanawerenge. Ndinamuphunzitsa ndine.

Lachitatu

Tsiku lonse pa funso limodzi. Ndikulemba ndi pensulo, ndikufufuta.

- Mlimi. Koma ndili ndi mizere inayi ya repu, ndipo iwiri nkhuku zinadya.
- Wabizinesi. Adzafunsa kuti bizinesi yanji.
- Wosunga sitolo, ngati kale. Bodza. Dzanja likukana.

Ba Hamoonga a nyumba yoyandikana nayo, amene tinachotsedwa tsiku limodzi, akusuzumira pampanda. Ati iwo amalemba kuti dayilekita. Kampani yawo ndi wilibala imodzi yonyamulira makala. Amake Tiyese ati ndilembe kuti ndimawathandiza kumaliketi. Ndikuwakumbutsa kuti sindinapiteko ndi kamodzi komwe. Ati, "Ndiye muyambe, fomu ikambe zoona."

Ndafufuta kachisanu. Pepala labooka. Pamalo a ntchito yanga tsopano pali dzenje loti chala chilowe.

Lachinayi

Ku Lusaka pa minibasi. Pa wailesi amatamanda banki ina yatsopano, ati safunsa zambiri.

Mkati muli kapeti, mpweya wozizira ngati wa mu Juni, ndi mipando yoti ukakhala maondo afike pachibwano. Mwamuna wa suti yonyezimira akunditcha bwana. Papita nthawi ndisanamve mawu amenewo. Fomu yawo ndi tsamba limodzi, funso la ntchito palibe. Mtima wanga ukuvina.

Ndikufunsa ngati nthambi yawo ya ku Kasama ili pafupi ndi koleji. Akumwetulira, akutsegula kabati, akutseka. Ati nthambi yapafupi ili ku Ndola, koma ku Kasama adzafikako posachedwa. Ndiye kuti mwana azikwera basi tsiku lathunthu kukatenga ya sopo.

Ndabwera ndi kalendala yaulere. Amake akulungiramo nsomba zouma.

Lachisanu

Ndabwerera kwa Mutinta ndi fomu yobooka. Akuiyang'ana, akuyang'ana dzenje, sakuseka. Akundipatsa ina. Motsitsa mawu akuti atate ake nawonso ali panyumba, ndipo pafunsolo anthu ambiri akungolemba kuti opuma pantchito. Ndikuthokoza, maso ali pa cholembera chomangidwa ndi chingwe.

Tsopano zithunzi. Ndatsitsa katoni pamwamba pa wadilopu. Ndapezamo:
- Tiyese wakhanda, wavala chipewa chachikulu kuposa mutu
- Tiyese wopanda mano akutsogolo, wanyamula nsomba kumtsinje
- Tiyese tsiku lomaliza sekondale, ine ndaima pambali ndi ovolosi ya kufakitale, dzanja langa lili paphewa pake. Ndinathawa kuntchito ola limodzi tsiku lija.

Chomalizachi nkhope ikuoneka bwino. Kungodula ineyo, chitha kugwira ntchito. Ndatenga sizasi. Ndaika pansi. Ndatenganso.

Amake abwera kuchokera kumaliketi dzuwa likupendeka, andipeza pamphasa, zithunzi zili mbwee. Akhala pansi ndi fungo lawo la nsomba, atenga cha chipewa chija. Nshima yachedwa lero.

Loweruka

Ndaganiza zomuimbira foni, atumize yekha zithunzi. Ndili ku positi, m'kachipinda ka foni, failo m'khwapa. Ku koleji foni ndi imodzi, ya muofesi. Akupita kukamuitana. Ndikumva mapazi akuthamanga.

"Ba Dadi! Muli bwanji? Ba Mami?"

Mawu ake akula. Ndikutsegula failo, ndikuyamba kufotokoza mabanki mwadongosolo. Akundilola kufika pa kapeti, kenako akuseka. Buku losungira ndalama ali nalo kale, la ku positi, pafupi ndi koleji. Anatsegula ndi anzake a m'chipinda. Nambala yake anandilembera m'kalata.

Ndikufunsa kuti kalata iti. Ati analemba makalata atatu, pa adiresi ya kufakitale, monga mwa masiku onse. Awiri sadziwa kumene anathera. Yachitatu inabwerera kwa iye, pa envulopu atalemba kuti munthuyu kuno kulibe.

Waya akungolira.

"Ninadziwa, ba Dadi. Ninali kuyembekeza chabe kuti muniuze mweka. Mukudya bwino?"

Ndikuti ndikudya. Ndikuti nkhuku zikuikira. Ndikuti avale juzi. Akunditchulira nambala pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa Giredi Wanu, ine ndikulemba, manambala akusambira. Fumbi la ku positi ndi loipa m'maso.

Sondo

Kutchalitchi achinyamata aimba mpaka malata kunjenjemera. Ine kungoyendetsa kukamwa kokha.

Zotsatira za sabata: banki sindinasankhe, fomu sindinadzaze, akaunti anatsegula mwini wake. Mawa ndikaikamo kochepa kamene tili nako. Abusa avomera kuti makalata athu azifikira pa bokosi la tchalitchi.

Masana ndakhala pansi pa mtengo wa gwafa kulemba kalata. Ndayamba katatu. Koyamba ndinafotokoza za chuma cha dziko, tsamba lonse. Ndang'amba. Pomaliza ndalemba chabe kuti: Mwana wanga, ntchito inatha. Ndinachita manyazi kukuuza. Ife tili bwino.

Amake awerenga ataima kumbuyo kwanga. Andilanda cholembera, alemba pansi ndi zilembo zawo zikuluzikulu: Atate ako ayamba mawa kupala nsomba. Uwapempherere, ndi nsomba zomwe.

Ndawerenga kawiri. Sindifufuta.