Beseni la Balekeni

Anzanga, pa katundu yense wa amayi anga, ine ndinatsala ndi mphaka. Musaseke msanga, zosekazo zili kutsogolo.

Amayi anamwalira m'chilimwe, titangokolola mpunga kusikimu ya ku Wovwe, ndipo maliro asanathe n'komwe abale a malemu bambo anga anali atayamba kale kuyeza katundu ndi maso. Wina wakhala pampando n'kumausisita, wina akufunsa ngati makina osokera amagwirabe ntchito. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, mawu osalala oyankhulira pagulu ndilibe, ndiye ukali wanga unkangotuluka mmene wabwereramo. Tsiku loika maliro ndinagona m'chipinda nkhope kukhoma, aliyense wobwera kudzandifunsa kanthu ndinkamukalipira osatembenuka. Kumanda anachita kundigwira uku ndi uku, ndipo dothi loyamba litangogwera pabokosi ndinawapulumuka n'kuthawa. Sindinabwererekonso.

Mphakayo dzina lake Balekeni, kutanthauza kuti asiyeni. Amayi anam'tcha choncho pojeda amiseche a m'mudzi, paja kwathu kuno chiweto ndicho chimanyamula mawu amene munthu sangawanene pamaso. Anali wamkazi, wotuwa, khutu limodzi long'ambika, ntchito yake kulondera matumba a mpunga. Popeza ankam'tsekera m'nyumba kuti makoswe asapeze mpata, amayi anamuikira beseni lakale lachitsulo, loyera la maluwa ofiira, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo. M'mawa uliwonse ankataya mchenga wakale kudzala, n'kuthiramo wina wa kumtsinje, kenako n'kusamba m'manja, n'kutsitsa kapu yawo ya tiyi imene inkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko chomwecho. Zaka zonsezo Balekeni sanaphonyeko beseni lake.

Anthu a pamaliro atabalalika, nyumba inasanduka ina. Bedi la amayi analitulutsa, zovala zawo ankhazi, alongo awo a bambo anga, anazimanga mtolo n'kupita nazo kwawo kudikira tsiku logawa katundu. Beseni nalo kulibe. Balekeni anabisala kudenga kwa kanthawi, ndipo atatsika anayamba kukodza paliponse.

Poyamba ndinakondwera, ndisaname. Malo oyamba amene anasankha chinali chipewa cha a Lameki, akulu awo a bambo anga, amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzasuzumira matumba ngati analimako nawo. Ndinati mumtima, pabanja pano m'bale wanga weniweni ndi mphakayu, mpaka ndinam'gulira usipa. Koma m'mawa mwake inali mphasa yanga. Kenako nsapato zanga za kutchalitchi. Kenako thumba la mpunga wa faya, umene tinkati tikagulitse kumsika wa boma. A Lameki ananunkhiza thumbalo, n'kunena mosakweza mawu kuti mphaka akanyowetsanso mpunga tsiku logawa lisanafike, amuika m'chiguduli n'kukam'taya kutsidya kwa mtsinje. Mipando atenge, makina atenge, koma Balekeni ankagona kumapazi a amayi anga, ndipo ndikamamuona akuyang'ana kukhomo madzulo ndinkadziwa kuti m'nyumba muja tilimo awiri odikira munthu mmodzi.

Ndiye ndinati nkhani yaing'ono iyi, ndim'konzera chimbudzi china. Ndinatenga lichero lakale n'kuthiramo mchenga wa pabwalo. Balekeni ananunkhiza, n'kundiyang'ana ngati ndam'tukwana. Ndinazindikira mochedwa kuti mchengawo ndinautapa pamene amagona galu wa a Lameki. Ndinasintha, ndinathiramo madeya a mpunga poganiza kuti ndi ofewa, nkhuku zinalowa n'kudya chimbudzi chonse. Wina anandiuza kuti mphaka amadana ndi fungo la parafini, ine n'kuwaza parafini kuzungulira matumba, ndipo dzanja langa popeza linali laukali, ndinawaza mpaka pathumba penipeni. Kodi munadyapo mpunga wa parafini? Ife tinaudya mpaka thumba kutha, ndipo a Lameki atafunsa, ndinati mwina ndi mphaka yemweyo. Taonani, ndinanamizira amene ndinkafuna kum'pulumutsa!

Nditasowa chochita ndinapita kudipi kukaonana ndi mlangizi wa ziweto, bambo wina wa ku Dedza wosachedwa kuseka. Anandimvetsera akupukuta m'manja, kenako anati, "Achimwene, ife tinaphunzira za ng'ombe, koma chiweto n'chiweto. Mwam'chotsera mwini wake, mwam'chotsera fungo la mwini wake, mwam'chotseranso chimbudzi. Inuyo atakuchitani zimenezo mungakodze pabwino?" Anati ndisam'menye, ndisam'kalipire, ndingom'bwezera zinthu zake pamalo pake, makamaka beseni limene analizolowera.

Beseni! Pobwerera ndinkayenda ndikuyankhula ndekha. Ndani angabe beseni la mphaka pamaliro? Yankho ndinali nalo kale ndisanadzifunse, chifukwa ankhazi ndi amayi anga anakhala zaka zambiri akukangana pa za mchere, za nkhuku, za malire a dimba, ndipo ndinakumbuka kuti masiku apitawo ndinaona beseni loyera la maluwa ofiira pakhonde pa ankhazi ku Hara. Zoti mabeseni otere ali m'nyumba iliyonse kuyambira ku Lupembe mpaka ku Chilumba, mutu wanga sunafune kumva.

Tsiku logawa katundu litafika ndinatsekera Balekeni m'chipinda changa kuti asayandikire mpunga, n'kuvala jekete la malemu bambo anga limene ndinaliyala pamphasa dzulo lake kuti liwongoke. Ndinkafuna abale andione kuti ndine mwamuna wa pakhomo. Jeketelo linali lozizirira pang'ono kumsana ndi m'thumba, ine n'kumati ndi chinyezi cha m'mawa. Chinyezi, mwezi wa Okutobala, ku Karonga.

Ndinalawirira ku Hara wapansi. Ankhazi sindinawapeze, anali atanyamuka kale ulendo wa kwathu podzera njira ya m'minda. Koma beseni linalipo kuseri kwa nyumba, lodzaza ndi chinangwa chonyika, chija chimakhala m'madzi mpaka kufewa kuti asinje ufa wa kondowole. Beseni la amayi anga, alisandutsa lonyikamo chinangwa! Sindinadzifunse n'komwe kuti ndi mayi uti wamisala angaike chakudya cha ana ake m'chimbudzi cha mphaka. Ndinakhuthulira chinangwacho pamphasa ya padzuwa, n'kusenza beseni pamutu mozondotsa ngati chipewa, madzi otsalira n'kumatsikira m'khosi. Amene anamvako fungo la madzi a chinangwa chonyika akudziwa zimene ndikunena.

Dzuwa litakwera, jekete linayamba kuyankhula. Fungo lina, losiyana ndi la chinangwa, linkachokera kumsana kwanga, ndipo ndinalidziwa bwino chifukwa ndinakhala nalo m'nyumba masabata onsewo. Koma kuvula jekete pamsewu n'kutsala ndi malaya ong'ambika kumsana, ayi. Ndinati ndipirira.

Pafupi ndi kamsika ndinapeza anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, atamanga chingwe pamsewu kuona makhadi a chipani. Khadi langa linali m'thumba lam'kati la jekete. Ndinalitulutsa. Linali lonyowa, lachikasu m'mbali, ndipo inu amene munalipo masiku amenewo mukudziwa kuti munthu ankatha kusowa pamudzi pa chifukwa chochepera apo. Amene analilandira analibweretsa pafupi ndi mphuno, n'kukwinya nkhope.

"Bambo, khadi ili mwalichita chiyani?"

Ndinaloza beseni pamutu panga, madzi akudonthabe m'makutu, n'kunena kuti ndi chinangwa cha ankhazi. Anasendera pafupi kuti atsimikize, mafungo awiri aja anam'landira pamodzi, ndipo anabwerera m'mbuyo msanga. Anandibwezera khadi ndi zala ziwiri, n'kundilangiza kuti ndikaliyanike ndipo ndizililemekeza, kenako anatsitsa chingwe yekha kuti ndidutse mwachangu.

Munthu wanzeru akanakafika kunyumba, kusamba, n'kukhala chete. Ine ndinalunjika pansi pa mtengo wa mango pamene abale onse anakhala, amuna pamipando, amayi pamphasa, katundu ataunjika pakati. Ndinatsitsa beseni pansi mwamphamvu mpaka linalira, n'kuyamba. Ndinanena zonse zimene ndinazisunga chimwalirireni amayi. Ndinati akudwala munalibe nthawi, atamwalira mwapeza miyendo. Ndinati mipando tengani, makina tengani, koma mpaka beseni la mphaka? Pamene ndinkayankhula ndinaona anthu akusendera kutali mmodzimmodzi, ena atagwira kukamwa ndi nsalu, ine n'kumati mawu anga akuwalasa. A Lameki ananyamula mpando wawo n'kukakhala kumene kunkachokera mphepo.

Ankhazi anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako ananyamuka, n'kutembenuza beseni lija, n'kundionetsa pansi pake pamene panali dzina lawo lolembedwa ndi penti wobiriwira. Anafunsa m'Chitumbuka, mofatsa, kuti chinangwa chawo chili kuti. Nditayankha, anangotseka maso pang'ono.

"Yotamu, mwana wa mlongo wanga, beseni la amayi ako ukulifuna?"

Ndinati eya, koma mawu anali atachepa.

"Lili kumanda. Unalisankha ndiwe."

Kwathu kuno, ngakhale akulu a mpingo amayang'ana kumbali, munthu akaikidwa timatenga chiwiya chimodzi chimene ankachikonda, mbale kapena kapu, n'kuchiboola ndi msomali kuti wina asachitole, n'kuchivundikira pamtumbira. Wosankha amakhala mwana wa malemu. Ankhazi anafotokoza pamaso pa onse kuti m'mawa wa tsiku loika anabwera kuchipinda kudzandifunsa, ine nkhope kukhoma, ndipo ndinakuwa kuti atenge chimene amayi ankachigwira m'mawa uliwonse, chili kuseri kwa chitseko. Apo ndinakumbuka. Ine ndinkanena kapu ya tiyi. Koma kapuyo inali itatengedwa kale panja, anthu a pamaliro akumwera madzi, ndipo kuseri kwa chitseko kunatsala chinthu chimodzi chokha. Ankhazi akuti anabwerera kudzandifunsanso ngati ndikunenadi chimenecho, ine n'kuwayankha kuti kodi ndinu ogontha.

"Ndiye tinataya mchenga, tinalitsuka, tinaliboola," anatero ankhazi. "Mlamu wanga, mayi wa mvano, wagona ndi chimbudzi cha mphaka kumutu. Ndinakhala chete kuti ndisakuchititse manyazi, koma lero wachita kubwera nawo wekha pamutu."

Kenako a Lameki anayamba kutsokomola, kutsokomolako n'kusanduka kuseka, mpaka misozi, mpaka amayi onse pamphasa anagwerana. Ine ndinaima pakati, jekete likununkha mkodzo wa mphaka, mutu ukununkha chinangwa, ndipo sindikudziwa kuti zinayamba bwanji koma ndinapezeka ndikuseka nawo, kusekako n'kusanduka kulira kumene ndinakuthawa kumanda kuja. Ankhazi anandigwira dzanja, ngakhale anatembenuzira mphuno kumbali, n'kundinong'oneza kuti amayi anga akanakhalapo akanaseka kuposa tonsefe, chifukwa mphaka uja ankam'konda kuposa abale a mwamuna wawo, ndipo sankabisa.

Katundu anagawidwa nditasamba. Pofika pa mphaka, a Lameki anati palibe wopikisana nane. Beseni la kumanda silibwerera kunyumba, komanso n'lobooka, ndiye ankhazi anati ndisunge lomwe ndinabalo, poti chinangwa sangaikemonso anthu ataliona pamutu panga. Anthu akunyamuka, ankhazi anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kutulutsa m'chikwama chitenje chakale cha amayi, chija ankavala popita kumunda. Zovala zina zonse anachapa, koma ichi anachisiya dala, ndipo anavomera mwamanyazi kuti ankachiika pamtsamiro pawo. Anthu amene ndinkati anabwera kudzangotola katundu, mmodzi wa iwo ankagona ndi fungo la amayi anga.

Ndinayala chitenjecho pakona pamene panali bedi, beseni kuseri kwa chitseko, mchenga wa kumtsinje weniweni. Balekeni ananunkhiza chitenje nthawi yaitali, anachiponda ndi timiyendo take, n'kugonapo. Sizinathe tsiku limodzi, anaphonyanso kangapo, ndipo ine ndinkangopukuta osakalipa. Koma m'mawa wina ndikuwotha dzuwa pakhonde ndinamva kuti kwasa, kwasa, kwasa kuseri kwa chitseko, mchenga ukufukulidwa. Sindinamvepo nyimbo yokoma choncho, ngakhale ya kwaya.

Kumanda ndinapita ndi ankhazi mvula yoyamba itagwa, nditamaliza kuwakumbira chinangwa china cholipira chija, poti nkhuku zinali zitachimaliza. Beseni linalipodi, lovundikira bwinobwino kumutu, maluwa ofiira akuwala. Kapu ya tiyi tinaipeza kwa a Lameki, anaipereka osakangana, ndipo ndinaiboola ndekha n'kuiika pambali pake. Ndinafuna kuchotsa beseni, ankhazi anakana, anati mlamu wawo walizolowera.

Chiyambire pamenepo ndinalumbira zinthu ziwiri. Munthu akandifunsa kanthu, ndimatembenuka kaye n'kuona chimene ndikuloza. Ndipo ndisanapite kukakalipira abale, jekete ndimayamba ndalinunkhiza.