A Malizani Onamiza Makompyuta Okalamba

Ku Ndirande konse, kuyambira kumsika mpaka kumene nyumba zimathera m'tsinde mwa phiri, aliyense ankadziwa lamulo la a Malizani: pamaso pa kompyuta yokalamba sitinena zoona. Bambo amenewa anali okonza makompyuta komanso mkulu wa mpingo, munthu woti sakananamiza ngakhale kondakitala wa minibasi. Koma makina ankawanamiza tsiku ndi tsiku, mwaulemu wonse.

Nkhani yake inali yotere. Kompyuta yakale imadziwa kuwerenga mpaka pena pake basi. Ukaipatsa hadi disiki yaikulu, chosungiramo zinthu cha masiku ano, imangoti kakasi, osapitirira. Okonza ena ankati, "Tayani, mugule yatsopano." A Malizani ankatulutsa kabotolo m'thumba la malaya, n'kutolamo kapulasitiki kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaveka kumbuyo kwa disiki. Kapulasitikiko kankauza makinawo kuti mlendoyu ndi wamng'ono, magigabaiti 32 okha. Makina akamulandira, kapulogalamu kamene a Malizani ankabisa pakhomo pa disiki kankatsegula zipinda zina zonse mwakachetechete.

Vuto linali loti iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti makinawo amamva. Tsiku lina a Albert, eni vidiyo shoo ku Bangwe, analowa akukuwa:

"Madala, ndabweretsa chilombo! Disiki ya thu fifite gigi!"

A Malizani anadzambatuka n'kufunditsa kompyuta chitenje.

"Tuluka! Ukufuna agogowa akomoke?"

"Iii, kodi zimamva?"

"Iwe unazifunsapo?"

Zotsalazo anakanong'onezana panja, pafupi ndi mayi wokazinga chipisi, ngati anthu okambirana za ukwati.

Abusa nawo anayesapo. "A mkulu, bodza si tchimo kodi?"

"Abusa, mukapita kukaona odwala, mumawauza kuti aonda?"

Abusa anangonyamula kompyuta ya mpingo n'kumapita.

Koma amene anawamvetsa kwenikweni anali Modesta, wojambula zithunzi ku Chilobwe. Iye anabwera kalekale ndi kompyuta yodzadza mpaka pakhosi, ndipo a Malizani anamuikira disiki yaikulu mwa njira yawo ija. Akumanga zitsulo anayamba kulankhula ngati akulota.

"Mwanawe, disiki ndi nyumba yaitali, zipinda zosawerengeka. Aliyense umujambulayo amalowa m'chipinda chake, n'kukhala pansi atavala za pa Sabata, kudikira tsiku lomuitana. Koma kiyi wake ali m'kati momwemo. Usadzaipereke kwa makina achinyamatawa. Sadziwa kuodira."

Modesta anaseka mpaka misozi. Komabe kuyambira pamenepo, nkhungu ikamatsika phiri la Soche, ankaiona nyumba ija m'maganizo: akwati atagwira maluwa apulasitiki, makanda olira, azibambo obwereka jekete limodzi lomwelo, onse ali phee m'zipinda zawo.

Mu 2023 matope a namondwe Freddy anatsika phiri lomwelo. Situdiyo ya Modesta inapulumuka, koma anthu ambiri anataya nyumba, abale, ndi zithunzi zonse. Otsala ankabwera mmodzimmodzi kudzafunsa nkhope, ndipo Modesta ankawatsegulira zipinda. Chaka chotsatira a Malizani anatsikira kuli chete, masana, ali pampando wawo, kabotolo kali m'thumba. Pamaliro anthu ankalira kwinaku akuseka, pokumbutsana momwe aliyense anathamangitsidwirapo panja.

Kenaka kompyuta ya Modesta inazima osayakanso. Inasankha sabata yoipa. Mayi Anastasia anali atabwera kudzapempha chithunzi cha mwana wawo Tithokoze, yemwe anapita ndi matope, kuti chikakhale pachiliza Loweruka. Chithunzi china cha mwanayo kunalibe pa dziko lonse.

Mtima uli m'mwamba, Modesta anaiwala malangizo. Anachotsa disiki n'kuthamangira m'tauni, kushopu yowala ya makompyuta ya a Howard. Iwo anailumikiza ku makina atsopano, anayang'ana pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Amayi, umu muli mphepo yokhayokha. Makina akuti tifomate, tifufute zonse iyambirenso. Ndidine?"

Chala chawo chinali kale m'mwamba. Apo m'pamene mawu aja anamubwerera Modesta: sadziwa kuodira.

"Chotsani dzanja!" anakuwa, shopu yonse n'kucheuka. Anakulunga disiki m'mpango n'kukwera minibasi ya ku Ndirande.

Mayi Bernadeta, akazi a malemu Malizani, anamutsegulira kashopu ka amuna awo. Makompyuta okalamba anali pamzere, iliyonse itafunda chitenje chake.

"Ine ndimangopukuta fumbi," anatero mayiwo. "Bambo anu ankati awa sanafe, akupuma."

Modesta anavundukula yoyamba, yachiwiri, yachitatu n'kupeza mnzake weniweni wa yake ija. Anali ataonerera manja a Malizani kambirimbiri. Analowetsa chingwe chophwatalala cha disiki, anaonetsetsa kuti kanjere ka pulasitiki kadakali pamalo pake.

"Kodi ndi yaikulu bwanji imeneyi?" Mayi Bernadeta anafunsa mokweza.

"Shhh!"

Anayang'anana. Modesta, mayi wa zaka makumi asanu yemwe ankaseka zimenezi, anagwada pasimenti, anayandikitsa pakamwa pa makinawo n'kunong'ona:

"Odi, agogo. Musaope, ndi kakang'ono. Muli kamtsikana kamodzi kokha."

Anadina. Makina anatsokomola, anang'ung'udza nthawi yaitali, kenaka analira kamodzi, pii. Zipinda zinayamba kutseguka. Modesta anadutsa maukwati, anadutsa maubatizo, mpaka anamupeza Tithokoze ali mu yunifolomu, sokosi imodzi itatsika, akudzikakamiza kuti asaseke. Amayi awiriwo analira osabisa, ndipo Loweruka Mayi Anastasia anaika nkhope ya mwana wawo pachiliza.

Masiku ano ku Ndirande anyamata amakuwa za materabaiti, magigabaiti zikwizikwi, pamsewu ngati akugulitsa tomato, ndipo palibe wowatulutsa panja. Makompyuta okalamba amaphwasulidwa n'kugulitsidwa pasikelo. Kashopu kaja m'maŵa uliwonse kamangomveka tsache la Mayi Bernadeta. Timawasowa a Malizani, ndipo sitichita manyazi kunena.

Kompyuta ija Modesta anapita nayo ku Chilobwe. Zithunzi anazikopera kwina, monga anamulangizira a Howard, koma agogowo sanawapumitse ntchito. Munthu akabwera kudzafuna nkhope ya wake, Modesta amamuchingamira pakhomo, chala chili pamlomo. Angati anapita ndi matope aja, amakawerengera panja.