Tambala Amene Anaikira Dzira pa Chinkhoswe

Kumudzi kwina kufupi ndi Msundwe, dzina langa lenileni linaiwalika. Ndikangotsika njinga, amayi a pamjigo amakodolana n'kumanong'onezana kuti, "Afika atsibweni a tambala woikira aja." Poyamba ndinkakwiya, koma mkwiyo wa munthu wolakwa suchedwa kuzirala. Ndiye ndati bola ndiulule ndekha musanaimve kwa ena, poti iwowo amaithira mchere wambiri.

Gwero la zonse ndi kamakina ka magemu kamene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Joni. Kukula kwake ngati foni, koma n'kokhuthala, mabatani uku ndi uku. M'kati muli kamemori kadi. Mlamuyo anafotokoza kuti kamakinaka kamadzisandutsa makina akalekale aja amene anasowa pamsika, n'kumaseweretsa magemu awo onse, ochuluka moti sungawamalize mpaka kukalamba. Ine ndinkamvera khutu limodzi, chifukwa maso anali atagwera kale pa gemu ya njerwa zogwa kuchokera kumwamba.

Mundimvetse. Ndinakulira pa esiteti ya fodya, bambo anga ali tenanti wochokera ku Phalombe. Nthawi imene matipate ankangoyamba, ana a bwana anali ndi kagemu ka njerwa komweko, ndipo ife ana a matenanti tinkangosuzumira chapatali, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Sindinakagwirepo ngakhale kamodzi. Ndiye njala ya zaka makumi atatu inandipeza ndili mphunzitsi ku Namitete, imvi zitayamba kale kusuzumira.

Kuwonjezera apo, kamakinaka kali ndi batani limene ana a bwana aja analibe. Ukalakwitsa, kamunthu kako kakagwera m'dzenje, umangolidina, nthawi n'kubwerera m'mbuyo, kamunthu n'kutuluka m'dzenjemo chafutambuyo ngati palibe chachitika. (Musaliiwale batani limeneli, tikumana nalo kutsogoloku.)

Akazi anga, a Nabanda, anapirira sabata imodzi yokha.

"Bambo, kodi mwakwatira wachiwiri eti? Bola akanakhala wodziwa kutunga madzi."

Ndinawayankha kuti ndikupumitsa ubongo. Iwo anati ubongowo ukuoneka kuti unapumiratu.

Masiku omwewo Yamikani, mwana wa mlongo wanga, anapeza mbeta ku Msundwe, mtsikana waulemu dzina lake Chisomo. Monga atsibweni ake, unkhoswe unagwera ine. Sinali nkhani yophweka. Achibale a mtsikanayo ndi eni nthaka, anthu a mapemphero ndi a sukulu, ndipo ena ankang'ung'udza poyera kuti mwana wawo sangapite kwa ana a matenanti osadziwika kwawo. Nkhoswe wa kuchikazi anali a Kachingwe, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo, munthu amene mano ake anthu amangowamvera mbiri. Ndinayenda maulendo atatu kuti avomere. Atavomera, Yamikani anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Atsibweni, tsiku limenelo pasakhale chotichititsa manyazi. Anthu aja akungodikira kuti tipunthwe."

"Mphwanga, ukulankhula ndi mphunzitsi," ndinatero ndikudziguguda pachifuwa.

Mukudziwa kuti pachinkhoswe a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi n'kubweza msoti. Tambalayo ndiye mnyamata wathu, ndiye kuti tikuuza anthu kuti tabweretsa mwamuna. Mlongo wanga anali atanenepetsa tambala wofiira kwa miyezi inayi, chinkhuku choti chikalira, agalu ankayankhira. Anachipereka m'manja mwanga madzulo a Lachisanu, ine n'kuchiika m'katoni ya sopo yoboola timabowo, kuopa kuti chingandiipitsire suti.

Loweruka m'mawa abale onse anakwera lole imene tinapangana, atanyamula khasu, nkhwangwa ndi chikwanje. Ine ndinati atsogole, ndikufuna kusita jekete. (Jeketelo linali lositasita. Zoona zake n'zakuti kamakina kanali kakutchajidwa kwa ometa tsitsi, ndipo sindikanatha kukasiya kokha tsiku lonse.) A Nabanda anandiyang'ana nthawi yaitali ali pamwamba pa lole.

Ndinakwera minibasi katoni ili m'manja, kondakitala n'kuilowetsa pansi pa mpando. Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa amene ankapita kutauni, nayenso katoni yake ya sopo inalowa pansi pomwepo. Ndinadziuza kuti kuchoka pa Namitete kufika pa Msundwe si patali, ndingosewera pang'ono kuti mtima ukhale m'malo. Panali gemu ina ya kamunthu kodumpha maenje imene inandisowetsa mtendere kwa sabata ziwiri. Kumapeto kwake kuli chilombo cha maso atatu cholondera chipata, ndipo chinali chitandipha kosawerengeka. Tsiku limenelo zala zinali bwino. Ndinadumpha, ndinazinda, ndinadina batani lobwerera lija kangapo, mpaka chilombo chinagwa chagada. Ndinakuwa kuti "Wagwa nayo!" minibasi yonse n'kutembenuka.

Nditakweza maso, ndinaona sitolo zimene sindinkaziyembekezera.

"Akondakitala, pano ndi pati?"

"Pa Mpingu, bwana."

"Nanga pa Msundwe?"

"Tinaima, ndinaitana katatu. Inu munali kalikiliki ndi maliro a m'foni mwanumo."

Ndinatsika ngati ndalumidwa ndi mavu. Ndinasolola katoni pansi pa mpando, n'kuitana njinga yamoto ya kabaza kuti indibweze. M'njira ndinamva kuti katoniyo yapepuka, koma ndinati ndi mphamvu za munthu amene wangogonjetsa chilombo.

Ndinafika mwambo utayamba kale. Anthu anali atadzaza bwalo, zoimbira zili pamwamba, Yamikani atamuzindikira kale Chisomo wake pakati pa atsikana ofunditsidwa zitenje. Atandiona anapumira m'mwamba. Posakhalitsa woyendetsa mwambo anaitana ankhoswe kuti abwere kutsogolo. A Kachingwe anaimirira atanyamula msoti woyera, wosalala ngati wosambitsidwa. Ine ndinakonza tayi, ndinaika katoni pansi, ndipo ndisanatsegule ndinaona kuti mpofunika kalankhulidwe pang'ono. (Uphunzitsi ndi matenda, sitimatha kungopereka chinthu osafotokoza.)

"Makolo athu a kuno, ife tabwera ndi mwamuna weniweni. Mumuone nokha, ndipo mawa m'bandakucha mudzamumva."

Ndinapisa dzanja n'kukweza nkhuku m'mwamba kuti aliyense aone.

Bwalo lonse linati zii. Ndinayang'ana m'mwamba. M'dzanja langa munali kathadzi kakuda, kothothoka nthenga za m'khosi, kakundiyang'ana ndi diso limodzi. Pobwerera m'mbuyo ndinagunda katoni ija ndi phazi, ndipo munatuluka dzira, n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka kukaima pa nsapato ya a Kachingwe.

Gogo wina kumbali ya amayi ndiye anaswa chete uja.

"Mayo ine! Mkamwini waikira!"

Chiphokoso cha kuseka chimene chinabuka pamenepo sindidzachiiwala. Ena anagwa pamikeka, ena ankalulutira, woimbitsa nyimbo anachita kugwira tebulo. Koma Yamikani sankaseka. Anazolika, ndipo ndinaona Chisomo akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mlongo wanga anali atagwira kumutu. Pamenepo ndinazindikira kuti chala changa chachikulu chikudina ntchafu yanga mobwerezabwereza, kufunafuna batani lobwerera m'mbuyo lija. Pathalauza palibe batani lotero.

A Kachingwe anatola dzira lija, n'kundikodola kuti tipite kuseri kwa nkhokwe. A Nabanda anatitsatira osaitanidwa.

"Aphunzitsi," anayamba motsitsa mawu, "nkhoswe ndi munthu amene ana awa adzathamangireko zikadzavuta. Munthu amene walephera kusunga tambala kuchoka pa Namitete kufika pano, angasunge banja? Abale anga akuti tiimitse mwambowu."

Ndinayamba kunamizira kondakitala, kenako mayi wonenepa uja, kenako makatoni a sopo amene amafanana mopanda chifundo. A Nabanda anandidula.

"Bambo, musawonjezere bodza pa manyazi. Tulutsani chili m'thumba la jeketelo."

Ndinatulutsa. Ndinaulula zonse, kuyambira kwa ometa tsitsi mpaka pa Mpingu. Kenako ndinagwada pafumbi ndi suti yanga yomweyo.

"Wolakwa ndine, bambo. Ndilangeni ine, koma mwana uja musamulange. Iye tambala anali naye, ndipo anali tambala ndithu."

A Kachingwe anakatembenuza kamakina kaja uku ndi uku ngati akuyesa fodya pa okushoni. Pomaliza anati, chifukwa ndavomera kulakwa, andibwereka tambala wa m'khola mwawo kuti mwambo upitirire. Koma kanthu aka, kamene kamasandutsa aphunzitsi kukhala ana, katsala kwa iwo ngati chikole mpaka nditabweretsa tambala woyenera.

Mwambo unatha bwino, anthu anavina mpaka fumbi koboo. Yamikani anandilankhula patapita masiku anayi.

Loweruka lotsatira ndinapalasa njinga kupita ku Msundwe ndi tambala, ulendo uno nditamumangirira pachifuwa ndi chitenje ngati mwana. A Kachingwe ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, zala zikuvina pa kamakina kanga. Ndinaodira katatu. Atadzidzimuka anakabisa pansi pa buku la nyimbo, n'kumuyang'ana tambala uja mwachidule.

"Ameneyu ndi mwana, sanayambe n'kulira komwe. Kapezeni wina."

Ndikutembenuza njinga, anakhosomola.

"Aphunzitsi, musanapite. Kodi chilombo cha maso atatu chija mumachidutsa bwanji?"

Tsiku limenelo ndinawaona mano a Kachingwe, ndipo ndikuchitira umboni kuti alipo onse. Tambala wachiwiri amene ndinawapititsira anamukana kuti akuyenda motsimphina, chonsecho ine ndinamuona akuthamangitsa galu m'mawa womwewo.

Ukwati unachitika, ana aja ali pabanja, ndipo kumpingo amatitchula ngati chitsanzo cha ankhoswe okondana, poti Loweruka lililonse timakumana pansi pa mango kukambirana za ana athu. (Timakambiranadi, wina akamadikira kuti mnzake afe m'gemumo kuti alandire kamakina.) Ndinaphunzirapo kuti zinthu zina zikagubuduka sizibwerera, ndipo katoni ndimayamba ndasuzumiramo ndisanalankhule. Koma njala ya ana a matenanti ija sinathe, ndiye ndikunenepetsa tambala wachitatu, woti a Kachingwe asowe ponena.

Chodabwitsa n'chakuti miyezi iwiri yatha tambalayu sakunenepa. Dzulo ndinabwerera msanga kuchokera kusukulu, n'kupeza a Nabanda akukokolola madeya onse m'mbale yake kukapatsa nkhumba. Atandiona sanachite n'komwe manyazi.

"Bambo, tambala ameneyu akanenepa, mkazi mnzanga uja abwerera pakhomo pano. Musiyeni akhale choncho."