Buluku Langa Linapita ndi Rukuru

Pali nkhani zina zimene munthu umazinena utakalamba, okuseka ambiri atatsogola. Iyi ndi imodzi mwa izo, ndipo mpaka lero ndikaikumbuka chakudya sichitsika bwino.

Nthawiyo n'kuti ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale pa boma la Karonga, m'masiku a chipani chimodzi. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, ndipo kusambira sindinkakudziwa. Mtima wanga unali utagwa pa namwino wina wa komweko, dzina lake Tusekile. Miyezi inayi ndinakhala ndikumuperekeza pochokera kutchalitchi, koma mawu a ukwati ankangothera pakhosi. Vuto la pa tawuni linali maso: paliponse pamene taima, pankatulukira azakhali ake kapena kholo la mwana wa m'kalasi mwanga.

Tsono mnzanga wina anandiuza za kachilumba kena pakati pa mtsinje wa Rukuru, ka nthochi ndi bango, kopanda anthu. Loweruka lina ndinavala buluku latsopano ndi tayi (inde, tayi, kumtsinje!) n'kunyamuka naye. Pofika pagombe, Tusekile anayang'ana kumadzulo.

“Aphunzitsi, kumapiri uko kwada. Mtsinje uwu suchenjeza munthu.”

“Mvula imeneyo ili kutali,” ndinayankha ngati ndinabadwira m'bwato. Tinaoloka madzi akulekeza m'mawondo.

Kachilumbako kanalidi ka zii. Tinadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, zimene anabweretsa m'kapoto kokulunga pachitenje. Mpata wonse unali wanga, koma ine ndinatha maola awiri ndikumufotokozera za kuvuta kwa mayeso a Sitandade 8. Nditangoti ndikonze pakhosi kuti ndiyambe nkhani yeniyeni, anadzuka mwadzidzidzi.

“Madzi! Tiyeni msanga!”

Mtsinje unali utafiira, ukukokolola zitsa ndi mapesi. Ine chimene chinandidetsa nkhawa chinali buluku. Ndinamupempha atembenuke, ndinalivula, n'kulimanga pamodzi ndi nsapato, n'kusenza pamutu. Pakati pa mtsinje ndinaponda podzenje. Ndinamwa madzi, ndinaitana amayi anga omwe anali atamwalira kalekale, mpaka Tusekile anandigwira tayi ija n'kundikokera kumtunda ngati mbuzi yopita kumsika. Mtolo wanga unali ukulowera kunyanja, khadi la chipani lili m'thumba momwemo.

Ndinatsala ndi shati, tayi, ndi kabudula wam'kati amene sindifuna kumufotokoza. Tusekile anamasula chitenje cha poto chija n'kundipatsa akuyang'ana kumbali. Chifukwa cha kunjenjemera sindinaone kuti chinali chitenje cha chipani, chija chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko.

Titangotulukira pamsewu, tinakumana ndi anyamata atatu a chipani.

“Khadi!” anatero wamkulu wawo, wa chipsera pachipumi.

Ndisanayankhe, mnzake anazungulira kumbuyo kwanga n'kukuwa. Nkhope ija inali pamatako panga penipeni, chadodolido, ili ndi matope ndi msuzi wa nyama.

“Iwe ukukhalira nkhope ya Mkulu?”

Amene munaliko masiku amenewo mukudziwa. Anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi. Koma Tusekile anawalonjera m'Chinkhonde modekha, kenako anati, “Abale anga, uyu ndi wodwala wathu. Mutu wake suyenda bwino. Wathawa kuchipatala, ndamupeza mumtsinje.” Ndipo ananditsina pamkono mwamphamvu.

Ndinamva. Ndinayamba kuimba matebulo a masamu mokweza, n'kuchitira sawatcha ng'ombe imene inkadutsa. Anyamata aja anayang'anana.

“Zoona, tayi popanda buluku,” anatero wachipsera uja, akupukusa mutu. Anandivula chitenjecho, n'kundipemphera chiguduli cha mpunga pa nyumba yapafupi. Ndi mmene ndinalowera m'tawuni.

Pofika Lolemba, Karonga yense anali atamva kuti mphunzitsi wa ku Ntcheu wapenga. Ahedi anayamba kundilankhula monong'ona, n'kuchotsa zikwanje zonse m'kalasi mwanga. Makolo ena anasamutsa ana awo. Nditalimba mtima n'kutuma mkulu wina wa mpingo kwa amalume a Tusekile, yankho linabwera lalifupi: mwana wawo sangamupereke kwa munthu wodwala mutu. Tusekile analira, koma akanatsutsa bwanji? Akananena kuti ndinali bwinobwino, tonse awiri tikanakagona kundende. Bodza limene linandipulumutsa ndi lomwenso linanditsekera khomo.

Chaka chisanathe anandisamutsira ku Iponga. Ndili kumeneko ndinamva kuti wakwatiwa ndi kalaliki wina wa kusikimu ya mpunga ku Hara. Phunziro lake ndinalimva, ngakhale mochedwa: mawu amene munthu wabwera kudzanena, aziwanena chakudya chisanatsegulidwe.

Patadutsa zaka zambiri, zipani zitachuluka, ndinkagula usipa ku Chilumba. Wogulitsayo, nkhalamba ya chipsera pachipumi, anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anandigwira dzanja mwachifundo chenicheni.

“Bambo, kodi munachira?”

“Pang'onopang'ono,” ndinatero.

Ndipo sindinamunamize.