Mayi wa m'galimoto ya alamu

Mpaka lero, kukakhala ukwati pachibale pathu, ine sandikweza m'galimoto yonyamula keke. Sindidandaula, ndinaziputa ndekha.

Chijapani ndinayamba kuphunzira pa foni, makasitomala akasowa pashopu yanga yotayipa ndi kupanga fotokope m'tauni ya Chipata. Chinandikomera chifukwa chimamveka ngati chathu: madzi amati mizu, galimoto amati kuruma. Ndinaikanso zilembo zake pa kompyuta. Ndikatayipa "ka", pankatuluka kanthu kopindika ngati mbedza, anthu n'kumagwira pakamwa. (Sindinawauze kuti mawu amene ndinkadziwa sakanakwana n'kugulira tomato komwe.)

Ndiye alamu anga a Zulu, achimwene a mkazi wanga, anaitanitsa galimoto ku Japan. Akangoiliza, mkatimo munkalankhula mayi wina wa mawu aulemu. Tsiku la ukwati wa mlongo wawo ku Kasenengwa, keke anatipatsa awirife.

"Alamu, inu ndinu ophunzira," anatero a Zulu. "Mayiyu amati chiyani?"

"Akupereka moni," ndinayankha mosaphethira.

Pofuna kuonetsa ukatswiri, ndinayamba kudinadina mabatani kuti azilankhula Chizungu. Geji ya mafuta inazimiririka, m'malo mwake panabwera mapu osonyeza kuti tili pakati pa nyanja. Ndinati ndi mmene zimakhalira.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, mayi uja analankhulanso. Ndinagwirapo liwu limodzi lokha, kudasai, kutanthauza chonde.

"Akuti chonde muyende bwino."

"Aa, koma anthuwa ulemu!" anatero alamu, akumwetulira.

Patsogolo pang'ono anabwereza, ulendo uno ndi kabelu.

"Nanga apa?"

"Akuyamikira kayendetsedwe kanu."

Alamu anawongola khosi n'kuponda moto. Sipanapite nthawi, galimoto inatsokomola n'kuzima pakati pa minda ya thonje. Dzuwa lili pamutu, foni yopanda netiweki, keke kumbuyo yayamba kutuluka thukuta.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wa ngolo ya ng'ombe. Ndinakhala pamatumba a mtedza, suti yanga yatsopano ili mbuu, keke pamiyendo. Tinafika anthu atatopa ndi kuvina, keke itapendekeka ngati nkhokwe yakale, tizidole ta mkwati ndi mkwatibwi titamira mpaka m'chiuno. Mkwatibwi anaseka mpaka kukhetsa misozi, ndipo anthu anaidya yonse ndi masupuni. Mkazi wanga yekha ndiye sanaseke.

Lolemba lake ndinatayipa pa kompyuta zimene ndinkakumbuka za mawu aja. Yankho lake: "Chonde thirani mafuta."

Chijapanicho ndikuphunzirabe, ndipo alamu sanasiye kundidalira. Koma masiku ano mayi uja akangotsegula pakamwa, kaya wanena chiyani, ine ndimati, "Akuti muthire mafuta." Galimoto sinatizimirenso panjira.